Kusiyanitsa Mitundu ya Antennaria: Makolo, Ana ndi Amuna Osowa



Chomera chimene tikambirane lero simudzachipeza ku Nyika, ku Mulanje kapena ku Dedza. Mu Africa monse sichimera chokha. Kwawo ndi kumpoto kwa dziko lapansi, makamaka ku North America, kumene kuli mitundu yoposa 30 mwa mitundu pafupifupi 45 yodziwika. Ina yowerengeka ili ku Ulaya ndi ku Asia, ndipo ina yochepa inatsikira kumapiri a Andes ku South America. Akatswiri amachitcha Antennaria. Anthu wamba ku America amati pussytoes, poti timitu take toyera tothinana timaoneka ngati zala za phazi la mphaka.

Mwina wina akudzifunsa kuti tikutayiranji nthawi pa udzu wa eni ake. Yankho ndi lakuti kachomera aka kanazunguza mitu ya akatswiri kwa zaka zoposa 100, ndipo pomasula chisokonezocho iwo anatulukira zinthu zokhudza kuberekana kwa zomera zimene zinafika mpaka m'minda yofufuzira chimanga. Mfundo yanga lero ndi imodzi: mitundu ya Antennaria si ya msinkhu umodzi. Ina ndi makolo, ina ndi ana amene anabadwa makolowo atasakanizana. Wofuna kuisiyanitsa ayambe wadziwa makolo, ndipo asanatchule dzina lililonse ayambe wayendera malowo kuti aone ngati pali amuna.

Tiyambe ndi maonekedwe. Ndi chomera chachifupi chimene sichifa chaka chikatha. Masamba ake aakulu amakhala pansi penipeni atazungulira tsinde, ndipo kunsi kwawo kuli ubweya woyera wothithikana. Patsindepo pamatuluka nthambi zoyanga, zimene zikatalika pang'ono zimazika mizu n'kuyambitsa tsinde lina. Pakapita zaka, pamalopo pamakhala chigamba chotuwa chomata nthaka. Chimakonda dothi louma ndi losauka: m'mbali mwa misewu, m'mabusa akale, kumanda, m'nkhalango zopyapyala mmene dzuwa limalowa. Kum'mawa kwa America chimachita maluwa mu Epulo ndi Meyi, pamene kumapiri ataliatali chimadikira mpaka Julayi kapena Ogasiti. Nthawi ya maluwa ikakwana, pakati pa masamba pamaphuka kaphesi kaubweya, kawirikawiri kosafika m'bondo, kali ndi timasamba tochepa mwa apo ndi apo, ndipo pamwamba pake pali timitu tija.

Kamutu kalikonse si duwa limodzi ayi. Antennaria ali m'banja limodzi ndi mpendadzuwa ndi chisoso, ndipo m'banja limeneli chimene diso limachiyesa duwa chimakhala mulu wa timaluwa tambirimbiri tokhala m'kachikho kamodzi. Kachikhoko kamapangidwa ndi timamba tosanjikizana. Musakaiwale kachikho kameneka, chifukwa tikayeza ndi rula posachedwa. Nsonga za timamba timeneti ndi zouma, zopyapyala, zosafota, ndipo ndi chizindikiro cha gulu lonse la abale ake: edelweiss wa kumapiri a Alps, komanso Helichrysum, maluwa ouma aja oyera kapena achikasu amene amadzaza udzu wa ku Nyika ndi pamwamba pa Mulanje. Linnaeus mu 1753 anaika zomerazi m'fuko la Gnaphalium. Amene anazipatula n'kuzipatsa fuko lawolawo ndi Joseph Gaertner wa ku Germany, mu 1791.

Pali zomera zingapo zimene zimanamiza munthu asanafike n'komwe pa mitundu ya Antennaria, koma sizichedwetsa. Anaphalis margaritacea ndi wamtali, phesi lake lili ndi masamba ambiri, ndipo amachita maluwa mochedwa, chilimwe chawo chitapita patali. Pseudognaphalium obtusifolium alibe nthambi zoyanga, amanunkhira mukafikisa tsamba, ndipo naye ndi wa kumapeto kwa chaka. Wonyenga kwambiri nthawi yopanda maluwa ndi Hieracium pilosella, amene ali ndi masamba oyera kunsi ndi nthambi zoyanga. Koma pamwamba pa tsamba lake pali tsitsi lalitali lolimba, ndipo mukalithyola limatuluka mkaka. Antennaria alibe mkaka.

Tsopano za amuna ndi akazi. Aliyense wa ife anaonapo papaya wamwamuna amene amangochita maluwa chaka ndi chaka osabala, pamene mnzake pambali pake walemedwa ndi zipatso. Antennaria naye ali chomwecho: tsinde limodzi limakhala ndi maluwa aamuna okhaokha, lina aakazi okhaokha. Kuwasiyanitsa sikovuta mukakhala ndi galasi lokulitsira la m'manja. Wamwamuna amakhala wamfupi, timitu take n'tobulungira, nsonga za timamba take n'zotambalala ndi zobuntha, ndipo pakati pamatuluka timitengo ta mungu tachikasu kapena todera. Wamkazi timitu take n'tosongoka, timamba n'topyapyala ndi tansonga, pamwamba pamatuluka tiulusi togawanika pawiri tolandira mungu, ndipo phesi lake limapitiriza kutalika njere zikamakhwima. Tindevu ta m'maluwa nato timasiyana. Ta wamkazi n'tosalala, togwirana kutsinde, ndipo ndi tomwe timaulutsa njere. Ta wamwamuna timanenepa kunsonga ngati nyanga za gulugufe, ndipo n'zimene Gaertner anaona popereka dzina lija la Antennaria.

Apa pali msampha woyamba, ndipo ambiri amakodwa. Poti chigamba chimakula ndi nthambi zoyanga, chigamba chonse chikhoza kukhala chomera chimodzi. Mukaima pa chigamba chotambalala mamita awiri n'kupeza kuti maphesi onse ndi aakazi, simunaphunzire kanthu za amuna a pamalopo. Mwangoona munthu mmodzi. Muyenera kuyenda, kuyang'ana chigamba china kuseri kwa mwala, china kutsidya kwa msewu, mpaka mutaona zingapo. Pa mitundu imene ndikuitcha makolo, zigamba zaamuna ndi zazikazi zimapezeka zonse, mochuluka pafupifupi mofanana. Pa mitundu ina mukhoza kuyenda chitunda chonse, chigawo chonse, osaona wamwamuna ngakhale mmodzi, koma njere zili mbwee. Chifukwa chake tichipeza kutsogoloku. Pakadali pano ingosungani kuti chiwerengero cha amuna ndi chizindikiro chofanana mphamvu ndi tsamba kapena duwa.

Tiyeni titenge dera limodzi, kum'mawa kwa United States, kuyambira ku New England kutsika m'mapiri a Appalachia, kumene kuli mitundu isanu ndi umodzi imene munthu amakumana nayo. Musayambire kumaluwa ngakhale ndi amene akuitana diso. Gwadani, mutembenuze tsamba lapansi, lokhwima, makamaka lija lapirira chisanu kuchokera chaka chatha, ndipo muwerenge mitsempha ikuluikulu yochokera kutsinde kwa tsambalo. Ngati ilipo itatu kapena isanu yooneka bwino, ndipo tsambalo n'lotambalala kuposa sentimita imodzi ndi theka, muli m'gulu la masamba aakulu. Ngati mtsempha ndi umodzi wapakati, mwina ndi iwiri ina yosaoneka bwino m'mbali, ndipo tsamba n'lopapatiza, muli m'gulu la masamba aang'ono. Funso limodzi limeneli lagawa mitundu isanu ndi umodzi ija pawiri, itatu uku itatu uku.

M'gulu la masamba aakulu, mmodzi savutitsa. Antennaria solitaria ali ndi kamutu kamodzi kokha pamwamba pa phesi, kakakulu ndithu, ndipo amamera m'malo a chinyezi pang'ono m'nkhalango za chakum'mwera. Otsala awiriwo, plantaginifolia ndi parlinii, ali ndi timitu tingapo, ndipo apa m'pofunika rula. Tengani kamutu ka wamkazi kokhwima, muyeze kachikho kuchokera pansi mpaka kunsonga ya kamamba kakatali kuposa tonse. Ka plantaginifolia kamakhala mamilimita 5 mpaka 7. Ka parlinii kawirikawiri kamakhala 8 mpaka 13. Muyeze timitu tingapo, ndipo tikhale ta akazi. Kachikho ka wamwamuna n'kakafupi, ndipo mukayeza kameneko parlinii adzasanduka plantaginifolia m'manja mwanu. Chimodzimodzinso mukayeza kamutu kamene sikanatsegule.

Parlinii mwiniyo ali ndi timagulu tiwiri. Kamodzi, kamene kamasunga dzina lomwelo la parlinii, kali ndi masamba obiriwira osalala pamwamba, ndipo chakumtunda kwa phesi kuli tiubweya tofiirira tokhala ndi kamutu konata. Kachiwiri, fallax, masamba ake ndi otuwa ndi ubweya pamwamba pomwe, ndipo tiubweya tofiirira tija mulibe. Koma chenjerani ndi msampha wachiwiri: ubweya wa pamwamba pa tsamba umathothoka tsamba likamakalamba. Tsamba lakale ndi labwino powerenga mitsempha, koma pofuna kudziwa za ubweya yang'anani masamba atsopano amene angotambasuka kumapeto kwa nthambi zoyanga.

Gulu la masamba aang'ono ndi lomwe limatulutsa munthu thukuta. Virginica timuchotse msanga: ndi wamng'ono pa zonse, kachikho kake sikapitirira mamilimita 7, ndipo kwawo kwenikweni ndi m'zitunda zouma za miyala ya shale ku Virginia, West Virginia, Maryland ndi Pennsylvania. Nkhondo ili pakati pa neglecta ndi howellii.

Pa awiriwa muyang'ane timasamba ta paphesi, pakati pake ndi chakumtunda. Pa neglecta, nsonga ya kasamba kalikonse imathera m'kachidutswa kouma, kopyapyala, kofiirira pang'ono, nthawi zina kopotana, kamene akatswiri amati mbendera. Popanda galasi simungakaone bwino. Nthambi zake zoyanga ndi zazitali, zogona pansi, zokhala ndi timasamba ting'onoting'ono mpaka kunsonga. Tsamba lapansi limachepa pang'onopang'ono kulowera kutsinde, popanda pamene munganene kuti apa tsamba latha, apa kamtengo kake kayamba. Pamwamba pake ndi potuwa. Ndipo amuna alipo ambiri.

Timagulu ta howellii timagawana zizindikiro zimenezi m'njira yosautsa, ngati kuti kagulu kalikonse kanatapako pang'ono. Kagulu ka neodioica kali ndi nthambi zoyanga zazifupi zodzuka, masamba okhala ndi kamtengo koonekeratu, ndipo mbendera palibe. Ka petaloidea kali ndi nthambi zazitali ndi masamba ofanana ndi a neglecta, koma mbendera mulibe, kapena zili pa timasamba ta pafupi penipeni ndi timitu basi. Ka canadensis mbendera kali nazo, koma masamba ake ndi obiriwira osalala pamwamba. Mukuona vuto lake: palibe chizindikiro chimodzi chimene chimalekanitsa neglecta ndi howellii yense. Neglecta ndi amene ali nazo zonse pamodzi, mbendera, masamba otuwa, nthambi zazitali ndi amuna. Chikasowapo chimodzi, makamaka amuna, ganizirani howellii.

N'chifukwa chiyani zili chonchi? Nkhaniyi inayambira ku Ulaya. Mu 1876 Anton Kerner, yemwe nthawi imeneyo ankaphunzitsa ku Innsbruck, analemba kuti Antennaria alpina wamkazi amabereka njere zomera bwinobwino popanda wamwamuna pafupi. Amene anaika maluwawo pa maikulosikopu n'kuona mmene zimachitikira ndi Hans Oscar Juel wa ku Uppsala, m'dziko la Sweden, amene anafalitsa zonse mu 1900. Mwachizolowezi, selo limene lidzapange dzira limayamba lagawa makromozomu ake pakati, kuti theka linalo lidzabwere ndi mungu. Mwa alpina kugawako sikuchitika. Dzira limatenga makromozomu onse a mayi, n'kuyamba kukula lokha, mungu osafunika n'komwe. Njere iliyonse ndi mayi wake yemweyo wabadwanso. Ndipo poti mayiyo ndi wamkazi, ana onse ndi aakazi. Kuberekana kotere akatswiri amakutcha apomixis, ndipo njira imene Juel anaona mpaka lero m'mabuku imadziwika ndi dzina la Antennaria, ngakhale ikapezeka m'zomera zina.

Chidutswa chachiwiri cha yankho chinachokera kwa mnyamata wina wa pa Harvard, G. Ledyard Stebbins, amene anamaliza digiri yake ya udokotala mu 1931 powerenga makromozomu a zomera zomwezi. Mitundu yokhala ndi amuna ndi akazi, monga plantaginifolia, neglecta ndi solitaria, ili ndi makromozomu 28. Mitundu yovuta ija ili ndi ochuluka: 56, 84, ina mpaka 112 ndi kuposa. Stebbins anapita patsogolo n'kukhala mmodzi wa akuluakulu a maphunziro a kusintha kwa zamoyo, ndipo buku lake la 1950, Variation and Evolution in Plants, ndi limodzi mwa mizati ya maphunzirowo. Koma kachomera ka unyamata wake sanakataye. Mu 1982, ali ndi zaka za m'ma 70, iye ndi wofufuza wachinyamata Randall Bayer anafalitsa kagawidwe katsopano ka mitundu ya kum'mawa. Bayer anapitiriza ntchitoyo pokwatitsa mitundu m'munda ndi kuyeza mapuloteni a m'masamba, ndipo ndi iye amene analemba za fukoli m'buku lalikulu la Flora of North America mu 2006.

Chimene anapeza ndi ichi. Mitundu ya makromozomu 28 ndiyo makolo. Aliyense ali ndi malo ake amene amakonda ndi maonekedwe ake osasokoneza. Koma akakumana amatha kukwatirana, ndipo ana awo, makromozomu atawirikiza, ena anatenga luso lija lobereka popanda mungu. Haibulidi wamba amavutika kubereka, chifukwa makromozomu ochokera kumitundu iwiri sagwirizana bwino pa nthawi yogawana. Haibulidi wa apomixis vuto limenelo amalilambalala, poti sagawa kanthu. Iye amangodzibwereza, njere ndi njere, n'kufalikira ndi mphepo. Parlinii ali ndi magazi a plantaginifolia, solitaria ndi racemosa. Howellii ali ndi a neglecta, plantaginifolia, virginica ndi racemosa yemweyo. Chodabwitsa n'chakuti racemosa lero amamera kumadzulo, kumapiri a Rocky ndi kupitirira, kutali kwambiri ndi Appalachia. Komabe masamba obiriwira osalala ndi tiubweya tonata timene tinaona pa kagulu kamodzi ka parlinii ndi zizindikiro zimene racemosa ali nazo. Choncho mukamaona petaloidea akufanana ndi neglecta, diso lanu silinalakwe. Mwaona nkhope ya kholo pa mwana.

Anawa anafalikira kutali kuposa makolo awo, makamaka kumpoto, m'madera amene zaka pafupifupi 20,000 zapitazo anali pansi pa madzi oundana. Pa nthaka yatsopano yotero, chomera chimene njere yake imodzi ikhoza kuyambitsa mudzi wonse popanda kudikira mnzake chimakhala patsogolo. Ndiwonjezere kuti parlinii sanasiyiretu njira yakale: m'malo ena ali ndi amuna ndipo amaberekana ndi mungu, m'malo ena ndi akazi okhaokha. Ndiye kwa iye kupeza amuna sikukuuzani kuti ndi plantaginifolia; rula ija ikufunikabe. Ndipo paliponse pamene mungu ukugwirabe ntchito, mitundu yatsopano ya ana ikubadwabe.

Mukamvetsa zimenezi, mkangano wa mayina umene uli m'mabuku umamveka. Chisanafike chaka cha 1897, mabuku a kum'mawa ankangotcha zonsezi plantaginifolia. M'chaka chimodzi chimenecho Edward Lee Greene anatchula neglecta, howellii ndi neodioica, Per Axel Rydberg anatchula solitaria, ndipo Merritt Lyndon Fernald wa ku Harvard anatchula parlinii, polemekeza John Crawford Parlin wa ku Maine amene anatola chomeracho. Khomo litatseguka, mayina anakhamukira mkati. Greene, Fernald ndi anzawo ankati akapeza chomera chosiyana pang'ono, chimene ana ake onse akufanana nacho ndendende, ankachipatsa dzina la mtundu. Mayina anafika m'mazana. Kenako m'zaka za m'ma 1940 Arthur Cronquist anakokera chingwe mbali ina, n'kuika parlinii mkati mwa plantaginifolia, howellii mkati mwa neglecta. Mpaka lero mukhoza kutsegula mabuku awiri olemekezeka n'kupeza chomera chimodzi chili ndi mayina awiri.

Ine ndimaona kuti Fernald sankalota. Zimene ankaona zinalipodi, ndipo zinkabereka zofanana nazo, monga mtundu weniweni umachitira. Chimene chinamugonjetsa ndi kuchuluka kwake: mayi aliyense wa apomixis ndi mzere wakewake, ndipo mizereyo ilibe malire. Cronquist anapeputsa ntchito ya munthu wa kutchire, koma anaika kholo ndi mwana m'thumba limodzi, mwakuti chinthu chachikulu kwambiri pa zomerazi, kusiyana kwa woberekana ndi mungu ndi wodzibwereza yekha, chinabisika pansi pa dzina limodzi. Njira ya Bayer ndi Stebbins ndi imene ndimaikhulupirira: kholo lililonse likhale mtundu pa lokha, ndipo ana asonkhanitsidwe m'magulu potengera makolo awo. Magulu otero ku North America alipo asanu: parlinii, howellii, rosea, parvifolia ndi alpina. Njirayi siichotsa chisokonezo, koma imakuuzani pamene chisokonezocho chimakhala ndi chifukwa chake.

Ndipatuke pang'ono, poti ndinatchula chimanga. Mlimi amagula mbewu ya haibulidi chaka chilichonse chifukwa akabzala njere za m'nkhokwe mwake, zimene obereketsa anasonkhanitsa zimabalalika. Apomixis ikanalowa m'chimanga, haibulidi akanamadzibwereza yekha. Chimanga chili ndi m'bale wake wakutchire ku America, udzu wotchedwa Tripsacum, umene umabereka m'njira ija ya Antennaria, ngakhale kuti iwo umafunabe mungu kuti chakudya cha m'njere chipangike. M'zaka za m'ma 1990 ofufuza a ku CIMMYT ku Mexico, pamodzi ndi anzawo a ku France, anayesetsa kusamutsira luso limeneli m'chimanga pokwatitsa ziwirizi. Ana osakanizika anabadwa, koma chimanga chenicheni cha apomixis choti mlimi abzale sichinatuluke. Pa mpunga zinayenda mwa njira ina: kumapeto kwa 2018 ofufuza a ku University of California, Davis, analengeza kuti posintha majini angapo apanga mpunga wobereka njere zofanana ndi mayi wake. Ku Davis komweko n'kumene Stebbins anasamukira mu 1950 n'kuyambitsa dipatimenti ya maphunziro a majini.

Tibwerere kutchire. Kumadzulo kwa America mitundu ndi yambiri kuposa kum'mawa, koma lamulo ndi lomwelo, ndipo makolo ena ndi osavuta mpaka kuseketsa. Dimorpha ndi kachitsa kakafupi kwambiri ka kamutu kamodzi, kopanda nthambi zoyanga, ka m'zigwa zouma. Flagellaris amaponya nthambi zonga ulusi, zopanda masamba, zonyamula kamwana kunsonga. Aromatica, amene anapatsidwa dzina mu 1984, amamera pa miyala ya laimu kumapiri a Montana ndi Wyoming, ndipo mukafikisa tsamba lake limanunkhira ngati mandimu. Racemosa timitu take timakhala patalipatali pa timitengo tatitali m'malo mothinana. Vuto limabwera ndi rosea, mwana wa makolo osachepera asanu ndi mmodzi, amene wafalikira kuchokera ku Alaska mpaka ku Newfoundland ndi kutsika mpaka ku New Mexico. Anthu amamuzindikira ndi timamba ta pinki, koma rosea akhoza kukhala woyera, wachikasu pang'ono kapena wodera, ndipo pinki amapezekanso pa mitundu ina. Rosea woyera amafanana kwambiri ndi kholo lake limodzi, microphylla. Kusiyana kwake: microphylla ali ndi tiubweya tonata chakumtunda kwa phesi ndipo amuna ake ali paliponse, pamene rosea amuna ake ndi osowa zedi. Parvifolia amadziwika ndi timitu tatikulu pa phesi lalifupi, kachikho ka mamilimita 8 kupita m'tsogolo.

Kwa abale athu okhala ku Britain nkhani ndi yopepuka. Kumeneko kuli mtundu umodzi wokha, Antennaria dioica, wa m'mapiri a Scotland, kumpoto kwa England ndi ku Wales, komanso ku Ireland, monga pa miyala ya laimu ya ku Burren. Uli ndi amuna ndi akazi. Timamba ta akazi kawirikawiri ndi ta pinki, ta amuna n'toyera, ngakhale si nthawi zonse.

Ku America, mukadzapeza chigamba chimene masamba ake akunsonga amangidwa pamodzi ndi ulusi, osakanizika ndi ubweya wa tsambalo, mutsegule pang'ono. Mkatimo mumakhala mbozi ya gulugufe wotchedwa Vanessa virginiensis, amene amaikira mazira pa Antennaria ndi abale ake. Iye sasankha pakati pa neglecta ndi howellii.

Chotsala ndi katoledwe. Zambiri zimene zimafika kwa akatswiri, kaya ndi zithunzi kaya ndi zomera zouma, sizitheka kuzitchula dzina chifukwa wotolayo anangotenga maluwa. Chithunzi cha timitu toyera chojambulidwa kuchokera pamwamba n'chokongola, koma chimangotsimikizira fuko. Kuti mtundu udziwike pafunika tsamba lapansi lojambulidwa mbali zonse ziwiri, tsamba lakale ndi latsopano, nthambi yoyanga yonse mpaka kunsonga kwake, timasamba ta pakati pa phesi tojambulidwa pafupi kuti mbendera ioneke ngati ilipo, ndi kamutu ka wamkazi kali pambali pa rula. Ngati mukutola kuti muumitse, ndipo malowo akukulolani kutero, zulani tsinde ndi nthambi zake, wamkazi ndi wamwamuna ngati alipo, ndipo muwapanikize padera. Pa pepala mulembe zinthu zimene chomera chouma sichingathe kunena: mtundu wa dothi kapena mwala, kutalika kwa malowo, mtundu wa timamba tisanaume, fungo, zigamba zingati munaona ndi zingati mwa izo zinali zaamuna. Mukasowa amuna mulembe kuti munafunafuna koma simunawapeze, chifukwa pepala losatchula amuna silisiyanitsa amene anafuna ndi amene sanafune.

Nthawi zina, mutachita zonsezi, chomeracho chidzakhalabe pakati: kachikho ka mamilimita 7 ndendende, mbendera pa kasamba kamodzi koma osati pa kanzake. Pamenepo lembani dzina la gulu, monga howellii, osakakamiza kagulu, ndipo muwonjezere mzere umodzi wonena chimene chakulepheretsani. Amene adzatsegule pepalalo m'tsogolo akhoza kukhala ndi njira yowerengera makromozomu, ndipo adzadziwa poyambira.

Inu amene muzikagwira ntchito ku National Herbarium ku Zomba, kapena kukwera Nyika kukatola Helichrysum, zambiri mwa izi zidzakuthandizani: kuyeza kachikho, kuona mtundu wa timamba tisanaume, kusiyanitsa ubweya wa tsamba lakale ndi latsopano. Kuwerenga amuna kokha n'kumene simudzakufuna, chifukwa Helichrysum amanyamula ziwalo zonse ziwiri m'kamutu kamodzi. Fuko limenelo ku South Africa kokha lili ndi mitundu yoposa 200, ndipo zovuta zake ndi zamtundu wina.